ASANAVALE YUNIFOLOMU: KUFUFUZA MBIRI YA MUNTHU WOFUNA USILIKALI

Pa nthaŵi ino tikambirana za mayeso amene munthu wofuna usilikali amayesedwa popanda iye kuwaona ndi maso. Ambiri a ife tikamva kuti boma likulemba asilikali, timaganiza za anyamata ali pa mzere m'bandakucha, ena akuthamanga mtunda wautali, ena akupimidwa mtima, maso ndi mano. Zimenezo n'zoona, ndipo zimachitikira pambalambanda. Komatu alipo mayeso ena amene amachitika mwini wake ali kunyumba, kapena ali m'tulo. Anthu amene sanaonanepo nawo amakhala akuŵerenga mbiri yake, akuyang'ana ngongole zake, ndiponso akufunsa kwa apolisi a m'matauni onse amene iye anakhalamo. Anthuŵa amafuna yankho la funso limodzi: munthu ameneyu tikampatsa mfuti, makiyi ndi zinsinsi za dziko, kodi tidzagona tulo?

Titenga chitsanzo cha dziko la America, popeza kumeneko ntchitoyi ndi yaikulu zedi, ndipo malamulo ake pamodzi ndi zophophonya zake zinalembedwa poyera. Apo ndi apo tisuzumirako ku Britain, kumene ana ena a kwathu kuno akugwira ntchito ya usilikali.

Mnyamata kapena mtsikana wa ku America akatsimikiza mtima zoloŵa usilikali, amayamba waonana ndi msilikali wolemba anthu ntchito wa m'dera lake. Kuchoka apo amatumizidwa ku malo opimira otchedwa MEPS, amene alipo oposa 60 m'dzikolo. Kumeneko madokotala amampima thupi, amayesa mkodzo wake pofuna kudziŵa ngati amagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndipo zidindo za zala zake zimatumizidwa kwa apolisi a boma lalikulu otchedwa FBI. Amafunsidwanso za milandu yonse imene anapalamulapo, ngakhale ya paubwana, ngakhalenso imene khoti linalamula kuti ifafanizidwe m'mabuku. Pamenepa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa loya anawauza kale kuti mlandu uja unatha ndipo sudzatchulidwanso. Kwa bwana wamba wolemba ntchito unathadi, koma kwa asilikali ulipobe ndipo uyenera kuululidwa. Kuulula sikutseka khomo nthaŵi zonse ayi. Pa milandu ina akuluakulu ali ndi mphamvu yokhululuka ndi kumlola munthuyo kuloŵa, atayang'ana kukula kwa mlanduwo ndi khalidwe lake kuchokera nthaŵi imeneyo.

Kufufuzaku kumazama molingana ndi ntchito imene munthuyo adzagwire. Boma la America limagaŵa zinsinsi zake m'magulu atatu. Gulu lotsika limatchedwa Confidential, ndipo ndi la zinthu zimene zitaululika zingavulaze chitetezo cha dziko. Lachiŵiri ndi Secret, la zinthu zimene zingavulaze kwambiri. Lapamwamba ndi Top Secret, la zinthu zimene kuululika kwake kungadzetse tsoka lalikulu koposa. Musaganize kuti zinsinsi zotere zimakhala m'manja mwa akazembe a nkhondo a imvi okhaokha. Amene amakonza wailesi ya m'sitima yankhondo, amene amasamala makompyuta a pa bwalo la ndege, amene amanyamula makalata kuchoka mu ofesi ina kunka mu ina, kaŵirikaŵiri amakhala achinyamata ongotsiriza kumene sukulu ya sekondale. Waya sungakonzedwe ndi munthu wosaloledwa kuloŵa m'chipinda m'mene wayawo uli.

Tsinde la kufufuza konseku ndi fomu imodzi. Kwa zaka zambiri fomuyi yakhala ikutchedwa Standard Form 86, ndipo ikasindikizidwa pa pepala imapitirira masamba 100. Mu 2023 boma linavomereza fomu ina yoti iloŵe m'malo mwake pang'onopang'ono, koma mtima wa mafunso ndi womwewo. Wolemba amayenera kutchula nyumba iliyonse imene anakhalamo m'zaka 10 zapitazo, osasiya mpata ngakhale wa mwezi umodzi, ndiponso ntchito iliyonse imene anagwirapo ndi chifukwa chimene anachokera. Amatchula makolo ake, abale ake, mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi apongozi omwe, kumene aliyense anabadwira ndi dziko limene ali nzika yake. Amatchula anthu atatu omudziŵa bwino amene si abale ake. Amafotokoza maulendo ake a kunja kwa dziko m'zaka 7, ndi alendo a maiko ena amene amagwirizana nawo kwambiri. Kenaka pamabwera mafunso amene munthu sakonda kufunsidwa ngakhale ndi mbale wake weniweni: ngongole zimene analephera kubweza, msonkho umene sanakhome, njuga, moŵa ngati unamuikapo m'mavuto, ndi chamba. Pa nkhani ya chambayi achinyamata ambiri amasokonezeka, popeza zigawo zambiri za dzikolo zinachilola, chikhalirecho malamulo a usilikali amachiletsabe.

Kumapeto kwa fomuyo munthu amasaina kuti zonse zimene walemba n'zoona, ndipo amapatsa boma chilolezo chofunsa za iye ku sukulu, kwa mabwana ake akale ndi ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu. Kunama mwadala pa fomuyi ndi mlandu umene chilango chake chingafike zaka 5 za kundende. Kuloŵa usilikali mwachinyengo nakonso ndi mlandu pa malamulo a asilikali, ndipo ungamtsate munthu atavala kale yunifolomu kwa zaka zingapo.

Fomu ikaperekedwa, ntchito imagwa m'manja mwa ofufuza. Kuyambira mu October 2019 ntchito yaikulu yotere ili ndi nthambi ya unduna wa zachitetezo yotchedwa DCSA. Kwa munthu wofuna chilolezo cha Secret, kufufuza kwambiri kumachitika m'mabuku ndi m'makompyuta: za apolisi, za makhoti, za ngongole. Wofufuza amabwera kudzacheza naye ngati pena pake papezeka chokayikitsa. Koma kwa wofuna Top Secret, wofufuza amakhala naye pansi kwa maola, kubwereza fomu ija mzere ndi mzere, kenaka amanyamuka kukagogoda pa makomo a anansi, aphunzitsi, ogwira naye ntchito, nthaŵi zina ndi mkazi amene anasudzulana naye. Pali nzeru ina imene ofufuza amagwiritsa ntchito imene anthu a kumudzi sangaidabwe konse. Iwo amadziŵa kuti anthu atatu amene munthu anawatchula yekha adzamuyamikira, popeza palibe amene amasankha mdani kukhala mboni yake. Tsono aliyense wa atatuwo amamfunsa kuti, nanga ndani winanso amene amamdziŵa? Maina amene amatuluka pamenepo ndiwo kaŵirikaŵiri amanena zimene fomu inasiya. Makina oyesera bodza, amene timawaona m'mafilimu, sagwiritsidwa ntchito pa msilikali aliyense. Amasungidwira ntchito zina za ukazitape.

Wofufuza sagamula. Iye amasonkhanitsa zimene wapeza ndi kuzipereka kwa munthu wina wa mu ofesi, amene sanaonanepo ndi wofunsirayo, kuti asanthule. Wosanthulayo amatsata mitu 13 imene boma linakhazikitsa, imene inalembedwanso mwatsopano mu 2017. Mwa mituyo muli kukhulupirika ku dziko, mphamvu imene anthu a maiko ena angakhale nayo pa munthuyo, ndalama, moŵa, mankhwala ozunguza bongo, milandu, thanzi la maganizo, kasamalidwe ka zinsinsi ndi kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta. Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti mituyi si sefa yongotaya aliyense wokhala ndi banga. Lamulo limamuuza wosanthula kuti ayang'ane munthu yense wathunthu. Kodi cholakwacho chinali chachikulu motani? Chinachitika liti, ndipo kangati? Anali ndi zaka zingati? Anachita mwa kufuna kwake kapena anakakamizidwa? Wasintha kodi? Mnyamata amene anasutako chamba kamodzi ali pa sukulu, nanena yekha pa fomu, ali pabwino kuposa mnzake amene anachita chimodzimodzi koma nakana. Ngati boma likanafuna anthu opanda banga lililonse, bwenzi nyumba za asilikali zili pululu.

Nanga ngongole ikukhudzana bwanji ndi chitetezo cha dziko? Ambiri amadabwa akamva kuti pa milandu ya anthu omanidwa chilolezo imene imalengezedwa poyera, chifukwa chimene chimabwera kaŵirikaŵiri ndi ndalama, kuposa ndale kapena ukazitape. Yankho lake lili m'mbiri ya munthu wina dzina lake John Walker. Iyeyu anali katswiri wa za mauthenga m'gulu lankhondo la pamadzi la America. Anatsegula malo omwera moŵa m'chigawo cha South Carolina, malondawo sanayende, ndipo ngongole zinam'panikiza. Chakumapeto kwa 1967 analoŵa yekha mu ofesi ya kazembe wa dziko la Soviet Union mu mzinda wa Washington, atanyamula pepala la manambala achinsinsi otsekulira mauthenga a sitima zankhondo, nanena kuti akufuna ndalama. Palibe amene anam'nyengerera, ndipo sanachite zimenezi chifukwa chokonda chikomyunizimu. Anagulitsa zinsinsi kwa zaka pafupifupi 18. Atapuma usilikali mu 1976 anapitiriza malondawo kudzera mwa mnzake Jerry Whitworth, mkulu wake Arthur ndi mwana wake weniweni Michael, amene anali m'sitima yonyamula ndege zankhondo. Ofufuza a boma sanam'tulukire. Amene anakamneneza kwa FBI anali mkazi wake wakale, ndipo anamangidwa mu May 1985, nafera m'ndende mu 2014. Chifukwa cha anthu onga ameneyu, wosanthula akaona ngongole amadzifunsa ngati munthuyo angadzagulidwe. Komabe amasiyanitsa ngongole yodza ndi matenda kapena kutha kwa ntchito, imene mwini wake akuyesetsa kubweza, ndi ngongole ya njuga imene mwini wake akuithaŵa. Amakayikanso munthu amene chuma chake chaposa malipiro ake popanda chifukwa chomveka.

Chingwe china chimene adani amakokera munthu ndi manyazi. Ku Britain kufufuza kozama kotere kunayamba mu 1952, boma litadzidzimuka ndi nkhani ya wasayansi Klaus Fuchs, amene anaulula mu 1950 kuti ankapereka zinsinsi za bomba la atomiki ku Soviet Union, ndi ya akazembe aŵiri, Guy Burgess ndi Donald Maclean, amene anathaŵira ku Moscow mu 1951. Ngakhale zinali choncho, m'zaka zomwezo kalaliki wina wamba wa ku likulu la asilikali a pamadzi, John Vassall, anakodwa mu msampha akugwira ntchito mu ofesi ya kazembe wa Britain ku Moscow. Akazitape a kumeneko anamuledzeretsa pa phwando, namjambula zithunzi ali ndi amuna anzake, pa nthaŵi imene khalidwe lotere linali mlandu wopita nawo kundende kwawo. Anamuonetsa zithunzizo namuuza kuti asankhe. Vassall anawatumikira kufikira pamene anagwidwa mu 1962, ndipo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 18. Patapita nthaŵi maboma anazindikira kuti chimene chinapatsa mdani mphamvu chinali mantha a kuululika, ndi kuti lamulo lochotsa ntchito munthu wotere ndilo linkakulitsa manthawo. Ku America, mu 1995, Pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo loletsa kumana munthu chilolezo pa chifukwa chimenechi chokha.

Pamenepa tsopano tingaone chifukwa chake kubisa kumalemera kuposa chobisidwacho. Chinthu chimene boma likuchidziŵa kale, chimene mkazi wako akuchidziŵa, chimene mkulu wako wa asilikali akuchidziŵa, mdani sangakuopseze nacho, pakuti palibenso woti akamuuze. Koma chinthu chimene unachikana pa fomu chimasanduka zingwe ziŵiri: manyazi a chinthucho, ndi mlandu wa bodza limene unasainira. Chaka chilichonse chimene chikupita, bodzalo limakwera mtengo, chifukwa tsopano uli ndi udindo, malipiro ndi penshoni zoti utaye. Ndipo wosanthula amaganiza motere: munthu amene wanamiza boma pa tsiku loyamba pofuna kudziteteza, adzachita chiyani tsiku limene adzataye chikalata chachinsinsi, pamene kunena msanga kungapulumutse anzake koma kungamuike iye m'mavuto?

Nzeru yomweyi inafika mochedwa pa nkhani ya matenda a maganizo. Kwa zaka zambiri asilikali a ku America ankaopa kupita kwa dokotala wa maganizo poganiza kuti akalemba zimenezo pa fomu adzalandidwa chilolezo. Anyamata obwerako ku nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan ankavutika mwakachetechete, osagona tulo, ena n'kumathaŵira ku moŵa. Mu 2008 nduna ya zachitetezo, Robert Gates, inalengeza kusintha kwa funsolo kuti msilikali asakakamizidwe kutchula uphungu umene analandira chifukwa cha zimene anaona kunkhondo. Malamulo a masiku ano amanena mosabisa kuti kufuna chithandizo sichifukwa chomanira munthu chilolezo, ndi kuti kungaŵerengedwe ngati chizindikiro cha munthu wanzeru.

Mutu umene umakhudza kwambiri anthu ochokera kunja ndi wa achibale. Akulu anati mapanga aŵiri avumbwitsa, ndipo wosanthula amafuna kudziŵa ngati mtima wa munthuyo ungagaŵanike. Kukhala ndi amayi kapena mlongo ku dziko lina si mlandu. Funso lake n'lakuti kodi boma la kumeneko lingagwire mbaleyo pakhosi kuti msilikaliyo aulule zimene akudziŵa, ndipo yankho limadalira kwambiri dziko lake ndi ubale wake ndi America. Mlendo wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikolo angathe kulembedwa usilikali, koma chilolezo choona zinsinsi chimaperekedwa kwa nzika, kotero kuti ntchito zambiri zimakhala zotsekeka kwa iye kufikira atalandira unzika. Mu 2009 America anayamba kulemba alendo ena odziŵa zilankhulo zosoŵa kapena ntchito za chipatala, pa dongosolo lotchedwa MAVNI, powalonjeza unzika wamsanga. Anthu oposa 10,000 analoŵa mwa njira imeneyi. Koma mu 2016 boma linawaonjezera kufufuza kozama, kulemba atsopano kunaima, ndipo ambiri amene anali atasaina kale anadikira zaka, ena mapepala awo okhalira m'dzikolo n'kuwathera m'manja, ena n'kuchotsedwa. Si onse amene anapezeka ndi cholakwa. Kwa ena vuto linali lakuti mbiri yawo ya ku dziko lobadwira inali yovuta kuitsimikiza.

Vuto lomweli limawapeza ana a kwathu ofuna usilikali wa ku Britain. Mu November 2018 boma la Britain linachotsa lamulo lakuti nzika ya dziko la mu Commonwealth iyambe yakhala m'dzikolo zaka 5 isanafunsire usilikali, ndipo linati lidzalandira anthu okwana 1,350 pa chaka, ngakhale kuti khomolo limatsegulidwa ndi kutsekedwa molingana ndi malo amene alipo. Koma kuti munthu apatsidwe chilolezo cha zinsinsi, kaŵirikaŵiri amafunika kuti akhale atakhala mu Britain zaka 5, ndipo pa chilolezo chapamwamba zaka 10. Chifukwa chake n'chapafupi: wofufuza wa ku London alibe njira yapafupi yogogodera pa makomo a ku Ntcheu kapena ku Rumphi. Motero mnyamata wanzeru zake angapezeke kuti ntchito zina za m'gulu lankhondolo sangazigwire msanga, popanda aliyense kumuganizira choipa. Kwa wotere, dzina ndi tsiku lobadwa zikasiyana pa pasipoti, pa satifiketi ya sukulu ndi pa kalata ya apolisi, kusiyana kumene kwathu kuno timakuona ngati nkhani yaing'ono, kumeneko kumaoneka ngati munthu akubisa kanthu.

Kumene mabuku a boma ndi osoŵa, anthu ndiwo amakhala mabuku. Ife tikudziŵa bwino kulemera kwa kalata ya kwa amfumu, imene inali umboni waukulu wa munthu kusanabwere kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017. Gulu lankhondo la Afghanistan limene America ndi anzake ankaliphunzitsa linkafuna kuti wofunsira usilikali abweretse makalata a akuluakulu aŵiri a kwawo omuikira umboni, kuphatikiza pa zidindo za zala. Njirayi ili ndi mphamvu yake, pakuti mfumu imadziŵa mwana kuyambira ali kumsana. Ili ndi kufooka kwakenso, pakuti mfumu ingaopsezedwe, ingapatsidwe kangachepe, kapena ingangomvera chisoni mwana wa mlongo wake. M'chaka cha 2012 chokha asilikali oposa 60 a maiko ogwirizanawo anaphedwa ndi anthu ovala yunifolomu ya asilikali kapena apolisi a Afghanistan, amene ankayenera kukhala anzawo.

Tibwerere ku America. Munthu akamanidwa chilolezo amalandira kalata yofotokoza zifukwa, ndipo ali ndi mwayi woyankha ndi kuchita apilo mkati mwa unduna womwewo. Koma ku khoti sangapite nazo patali. Mu 1988, pa mlandu wa wantchito wina wa pa doko la sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti palibe munthu amene ali ndi ufulu wolandira chilolezo chotere. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi bwalo la milandu. Pa mlandu wamba, chikayiko chimapulumutsa woimbidwa mlandu. Pa nkhani ya chilolezo, chikayiko chikatsala, boma limasankha kutchinjiriza dziko ndipo munthuyo amabwerera chimanjamanja. N'zoŵaŵa kwa wosalakwa, ndipo tisakane kuti osalakwa ena amavulala nazo.

Nanga mpanda wonsewu umagwiradi ntchito? Umagwira, koma uli ndi mipata, ndipo mipata ina inaoneka ndi mwazi. Pa 16 September 2013 munthu wina dzina lake Aaron Alexis analoŵa ndi mfuti pa malo a asilikali a pamadzi otchedwa Washington Navy Yard napha anthu 12. Analoŵa pa chipata ndi chiphaso chovomerezeka, popeza anali ndi chilolezo cha Secret chimene anapatsidwa mu 2008 ali msilikali. Pofufuza pambuyo pake kunapezeka kuti mu 2004 anamangidwapo mu mzinda wa Seattle chifukwa choombera matayala a galimoto ya munthu wina ndi mfuti atapsa mtima. Lipoti limene linafika kwa osanthula linangoti anaphwetsa matayala. Za mfuti munalibe, chifukwa ofufuza sanaone lipoti lenileni la apolisi. Ndipo popeza chilolezo cha Secret chinkakhala zaka 10 chisanaunikidwenso, zizindikiro zonse za m'zaka zotsatira, kuphatikizapo kudwala kwake maganizo, sizinafike kwa amene akanamlanda chiphasocho. Kampani imene inafufuza Alexis, yotchedwa USIS, inali ya anthu wamba yolembedwa ganyu ndi boma, ndipo ndi yomweyonso imene inafufuza Edward Snowden, amene anaulula zinsinsi zambirimbiri m'chaka chomwecho. Mu 2014 unduna wa zachilungamo unaiimba mlandu wakuti inapereka mafaelo pafupifupi 665,000 ngati otsirizidwa asanaunikidwe mokwanira, pofuna kulandira malipiro msanga. Ntchito yolipidwa poŵerenga mitu imakopa munthu kuthamanga, monga adziŵira aliyense amene analembapo aganyu olima poŵerenga mizere.

Tsoka lina linadza kuchokera kumene anthu sankayang'anako. Taganizani, omvera, nkhokwe imodzi yosungamo mafomu onse aja: ngongole za munthu aliyense, matenda ake, zolakwa zake za paunyamata, maina a abale ake a kunja. Boma linasonkhanitsa zonsezi pofuna kudziŵa amene mdani angam'kole, ndipo potero linamulembera mdaniyo mndandanda wokonzeka kale. Mu 2015 kunalengezedwa kuti akuba a pa intaneti anathyola makompyuta a ofesi yoyang'anira antchito a boma, yotchedwa OPM, natenga mbiri za anthu 21.5 miliyoni, pamodzi ndi zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni. Akuluakulu a ku America analoza chala dziko la China, limene linakana. Mwa anthu obedwa mbiriwo, pafupifupi 1.8 miliyoni sanafunsirepo chilolezo chilichonse. Ambiri anali akazi ndi amuna a ofunsirawo, amene maina awo analoŵa m'nkhokwemo chifukwa cha ukwati basi. Nambala yachinsinsi ikabedwa munthu amaisintha, koma zala ndi zomwezo mpaka kumanda. Chipwirikiti chimene chinatsatira kuchotsedwa kwa USIS ndi kuba kumeneku chinaunjika ntchito, kotero kuti mu 2018 mafaelo odikira anafika pa 725,000.

Kuchokera m'zophophonya zimenezi munatuluka njira yatsopano. Kale munthu ankafufuzidwa poloŵa, kenaka n'kudzaunikidwanso patapita zaka 5 ngati ali wa Top Secret, kapena 10 ngati ali wa Secret. Pakati pa zakazo ankayenda yekha ngati mbuzi yomasulidwa m'chilimwe. Masiku ano makompyuta amayang'ana mosalekeza m'mabuku a apolisi, a makhoti, a ngongole ndi a maulendo a kunja, ndipo kanthu kakatulukira amachenjeza ofesi. Mu October 2021 unduna wa zachitetezo unalengeza kuti onse okhala ndi chilolezo pansi pake anali ataloŵetsedwa m'dongosolo limeneli. Msilikali amayeneranso kunena yekha akamangidwa, akagwa m'mavuto aakulu a ndalama, kapena akafuna kukwatira mlendo. Ena amadandaula kuti uku ndi kukhala ndi diso la boma pamsana usana ndi usiku, ndipo dandaulo lawo lili ndi pake.

Komatu kompyuta imaona zolembedwa zokha. Jack Teixeira analoŵa gulu la asilikali a mumlengalenga la m'chigawo cha Massachusetts mu 2019, ndipo mu 2021 anapatsidwa chilolezo cha Top Secret kuti azisamala makompyuta. Ali pa sukulu ya sekondale, mu 2018, anaimitsidwapo chifukwa cha mawu oopsa onena za zida, ndipo apolisi a kwawo anam'kanizapo chiphaso cha mfuti. Kuyambira mu 2022 anayamba kuika zinsinsi, zambiri zokhudza nkhondo ya ku Ukraine, pa malo ochezera a pa intaneti otchedwa Discord, kumene ankacheza ndi anzake okonda maseŵera a pa kompyuta. Sanalipidwe ndi dziko lililonse, ndipo palibe amene anamuopseza. Zikuoneka kuti ankafuna kutamandidwa ndi anzakewo. Akuluakulu ake anamuona kangapo akulemba manotsi m'chipinda cha zinsinsi ndi kusuzumira m'nkhani zosakhudza ntchito yake. Anam'dzudzula, nalemba makalata a chenjezo, koma nkhaniyo sanaifikitse kwa oyang'anira chitetezo monga lamulo linkafunira. Anamangidwa mu April 2023 ali ndi zaka 21. Mu December chaka chomwecho asilikali 15 a m'gulu lake, kuphatikizapo mkulu wa gululo, analangidwa chifukwa cha kulekerera kumeneku, ndipo mu November 2024 khoti linalamula kuti Teixeira akakhale m'ndende zaka 15.